Kugwira popanda kuononga: njira zoonetsera zamoyo zosalimba za m'nyanja yamchere

Pafupifupi magawo 95 pa 100 aliwonse a thupi la jellyfish, nyama yofewa ya m'nyanja yamchere, ndi madzi okhaokha. Ikakhala m'nyanja imayenda motambasuka ngati ambulera yomwe ikutsekuka ndi kutsekeka yokha, koma ukangoivuula imasanduka chinthu chonanda chopanda maonekedwe. Ukaiika m'mankhwala kuti isawole imakwinyika n'kutuwa. Zamoyo zambiri za m'nyanja yamchere zili ndi vuto lomweli: zina n'zofewa kwambiri, zina zili ndi timafupa topyapyala tosachedwa kuthyoka, zina kukongola kwake konse kuli mu utoto umene umatha zikangofa. N'chifukwa chake nyumba zosungiramo zinthu zachilengedwe ndi zamakedzana, zija timati myuziyamu, zimakonda kuzitsekera m'magalasi n'kulembapo kuti "Osagwira".

Mawu amenewa amateteza chinthucho, koma amatsekera anthu ambiri kunja. Munthu wosaona akalowa m'chipinda chodzaza makabati agalasi, kwa iye chipindacho chilibe kanthu. Mwana wa zaka 6 amamvetsa chinthu akachitembenuza m'manja, akachiyesa kulemera, akachinunkhiza. Ngakhale wamkulu woona bwinobwino sangadziwe ndi maso okha kuti khungu la shaki limaterera ukalisisita kuchokera kumutu kupita kumchira, koma limakwakwala ukalisisita mobwerera. Pali njira zingapo zomwe anthu ayesa kuti dzanja lifike pamene galasi linkaletsa, ndipo iliyonse ili ndi chomwe imapereka ndi chomwe imabisa.

M'botolo la mankhwala

Njira yakale imene asayansi amaidalirabe ndi yoyamba kulimbitsa thupi la nyamayo ndi mankhwala otchedwa formalin, kenako n'kuisunga m'botolo la sipiriti wa ethanol wosungunula pang'ono ndi madzi, nthawi zambiri wa mphamvu ya magawo 70 pa 100. Ikasungidwa bwino motere imatha kukhala zaka zoposa 100 ziwalo zake zam'kati zili momwemo. Natural History Museum ya ku London ili ndi zamoyo pafupifupi 22 miliyoni zosungidwa m'mankhwala. Pakati pa zimenezi pali squid wamkulu, nyama yofewa ya manja ambiri, amene anamupatsa dzina loti Archie, wotalika mamita 8.62, yemwe anagwidwa pafupi ndi zilumba za Falkland mu 2004. Ku Berlin, Museum für Naturkunde inamanga chipinda chamakoma agalasi chomwe chinatsegulidwa mu 2010, ndipo mlendo amayenda mozungulira mabotolo 276,000 owalitsidwa ndi magetsi. Ku Te Papa, mumzinda wa Wellington ku New Zealand, muli squid wolemera makilogalamu 495 amene anakodwa m'nyanja ya Ross mu 2007, ndipo anamugoneka m'thanki loti munthu amawerama n'kumuona pafupi.

Kufunika kwa njira imeneyi kunaoneka bwino pa nkhani ya coelacanth. Pa 22 Disembala 1938, Marjorie Courtenay-Latimer, yemwe ankayang'anira myuziyamu yaing'ono ya ku East London ku South Africa, anapeza nsomba yachilendo yabuluu pamulu wa nsomba zomwe sitima ya asodzi yotchedwa Nerine inabwera nazo. Inali nsomba ya mtundu umene asayansi ankati unatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Mayiyu analibe thanki lalikulu kapena mankhwala okwanira, nyengo inali yotentha, ndipo malo ozizira amene anakapemphako anamukaniza. Anachita chomwe akanatha: anapereka nsombayo kwa munthu wokonza zikopa kuti aiumitse, ndipo zam'mimba zonse zinatayidwa. Katswiri wa nsomba J.L.B. Smith anadikira mpaka 1952 kuti apeze ina yathunthu ku zilumba za Comoros. Botolo kapena thanki la mankhwala likadakhalapo tsiku limenelo, zaka 14 zimenezi sizikanatayika.

Koma pa nkhani yogwira, botolo limalephera. Formalin ndi poizoni, ndipo bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linaiika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ethanol sachedwa kugwira moto, moti ku Sant Ocean Hall, chipinda cha m'myuziyamu ya bungwe la Smithsonian ku Washington, imene inatsegulidwa mu 2008, anachita kufuna madzi ena apadera osayaka oikamo ma squid awo. Botolo likagwedezeka kawirikawiri, kanyama kam'kati kamanyenyeka. Chomwe chimatheka ndi kuika tinyama ting'onoting'ono m'timabotolo tolimba tomata bwino, tomwe mlendo anganyamule n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Izi zimathandiza woona, koma wosaona amangogwira botolo basi.

Zenizeni zimene zimapirira manja

Apa ndi pamene myuziyamu iliyonse, yolemera kapena yosauka, iyenera kuyambira. M'nyanja muli zambiri zolimba: zigoba zokhuthala za nkhono, mano a shaki, fupa la msana la namgumi, zisa za m'kamwa mwa namgumi zomwe amasefera chakudya, chikhadabo cha nkhanu yaikulu, zigoba zakale zimene zinasanduka miyala. Smithsonian inayamba kale kuyesa zimenezi ndi chipinda cha ana chotchedwa Discovery Room mu 1974, ndipo mu 2013 inatsegula malo otchedwa Q?rius momwe muli zinthu zoposa 6,000 m'madirowa oti mlendo atsegule yekha.

Palibe chofanizira chilichonse chimene chingapereke zomwe chenicheni chimapereka m'dzanja. Chigoba chenicheni chimazizira ukangochigwira, kenako chimafunda pang'onopang'ono. Chili ndi kulemera kwake, mkati mwake mumaterera pamene kunja kuli mizere, ndipo penapake umapeza kabowo kozungulira bwino komwe nkhono ina yolusa inaboola kuti idye mwini chigobacho. Mwana akapeza kabowo kameneka ndi chala chake amafunsa yekha kuti chinachitika n'chiyani, ndipo phunziro layamba popanda womukakamiza.

Mtengo wake ndi wakuti chilichonse chomwe chaikidwa patebulo logwira chidzatha. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa ndi kudya chigoba pang'onopang'ono, m'mbali mumabenthuka, tina timalowa m'matumba a ana. Choncho ogwira ntchito amasiyanitsa zinthu zosungira kafukufuku, zomwe zili ndi mbiri ya malo ndi tsiku limene zinatengedwa, ndi zinthu zophunzitsira, zomwe zilipo zambiri kapena mbiri yake inasowa. Zoyambazo sizipita patebulo. Malo ena amaikanso zizindikiro za mitundu pamabokosi: china gwira wekha, china itana wothandiza, china ungoyang'ana osatulutsa. Zikopa ndi nyama zoumitsa zakalekale zimafuna kuyezedwa kaye, chifukwa kale ankazipaka poizoni wa arsenic kuti tizilombo tisazidye.

Pali nkhani inanso imene ndimaona kuti anthu amaipeputsa. Tebulo lodzaza zigoba zokongola likhoza kuphunzitsa mwana kuti zinthu za m'nyanja n'zongotola n'kupita nazo kunyumba. Makorali olimba (zonga miyala zomwe tizamoyo ta m'nyanja timamanga), zigoba zikuluzikulu za giant clam ndi akamba a m'nyanja zonse zili pansi pa pangano la CITES loletsa kapena kuchepetsa malonda a zamoyo zomwe zili pangozi, ndipo nautilus, nyama ya chigoba chonga cha nkhono, anawonjezedwa pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Myuziyamu yogula zinthu zotere kwa ogulitsa m'mphepete mwa nyanja imakhala ikulimbikitsa malonda omwe imati ikudana nawo. Njira yabwino ndi kupempha zomwe akuluakulu a boma analanda pazipata za dziko, n'kuuza mlendo poyera kumene zinachokera.

Zoumba ndi zofanizira

Pa nyama zofewa, anthu anazindikira kalekale kuti kuumba n'kumene kungathandize. Leopold Blaschka, mmisiri wa galasi wa ku Dresden ku Germany, anayamba cha m'ma 1863 kupanga ma jellyfish, ma octopus ndi tinyama tina tofewa ta m'nyanja ndi galasi, kenako mwana wake Rudolf atakula anayamba kugwira naye ntchitoyi, ndipo anagulitsa ku masukulu ndi ma myuziyamu a maiko ambiri mpaka 1890. Yunivesite ya Cornell ku America inagula zoumba zawo pafupifupi 570 mu 1885, ndipo zina zili ku Dublin, ku Cardiff ndi ku London. Ntchito yawo inaonetsa utoto ndi kuonekera kwa thupi zomwe botolo linkachotsa. Koma galasi lopyapyala chonchi ndi losalimba kuposa nyama imene likuimira, ndipo lero zoumbazo zimasungidwa mosamala kwambiri kuseri kwa galasi lina. Anathetsa vuto la maso, la manja linatsala.

Chikombole chinabwera ndi yankho lina. Mmisiri amathira labala wofewa wa silicone pa nsomba kapena pafupa, labalayo akauma amamusenda, ndipo m'chikombolemo amathiramo pulasitala kapena pulasitiki wamadzi. Chotulukamo chimakhala ndi mamba aliwonse ndi kakhwinya kalikonse ka chenicheni, ndipo m'chikombole chimodzi mumatuluka zambiri. Amene anafika ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, anaona kale mphamvu ya zofanizira: chigoba cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana, choimikidwa m'menemo n'chofanizira, koma chimam'patsa munthu kukula kwa nyamayo m'njira imene chithunzi sichingathe. Vuto la chikombole ndi lakuti pochipanga umayenera kukhudza chinthu chenichenicho, ndipo chikakhala chosalimba kwambiri labala amachoka ndi zidutswa zake.

Apa ndi pamene makina a CT ojambula m'kati mwa thupi ndi a 3D osindikiza zinthu zogwirika asinthira zinthu. Nsomba imajambulidwa osaing'amba, nthawi zina ili yokulungidwa m'nsalu yonyowa ndi sipiriti, ndipo kompyuta imatulutsa chithunzi cha mafupa ake onse mbali zonse. Ntchito yotchedwa oVert, yotsogoleredwa ndi Florida Museum of Natural History kuyambira 2017, inajambula motere nyama zamsana zoposa 13,000 n'kuika zithunzizo pa intaneti pamalo otchedwa MorphoSource. Mphunzitsi amene ali kutali ndi nyanja akhoza kutenga fayilo n'kusindikiza nsagwada za nsomba imene sanaionepo.

Ubwino waukulu wa njira imeneyi, kwa ine, suli pa kutengera ndendende ayi, uli pa kukulitsa. Tizigoba ta tizamoyo ta m'nyanja totchedwa foraminifera, tomwe tambiri n'tating'ono ngati mchenga, sitingamveke m'chala ngakhale utaloledwa kutigwira. Katswiri wa ku France Alcide d'Orbigny anaona zimenezi m'zaka za m'ma 1820 ndipo anaumba tina mokulitsa ndi pulasitala kuti ophunzira azigwira. Makina a lero amachita zomwezo mosavuta: timamba ta khungu la shaki tooneka ngati mano tingakulitsidwe mpaka kudzaza chikhatho, ndipo wogwira amamvetsa chifukwa chake khungu lija limakwakwala mbali imodzi yokha.

Komabe pulasitiki amanama m'njira zimene woona sazindikira msanga. Makina otsika mtengo amasiya timizere ta magawo amene anasanjikiza posindikiza, ndipo munthu wosaona, yemwe zala zake zimawerenga chilichonse, angaganize kuti timizereto n'ta nyamayo. Pamafunika kupala ndi sandipepa ndi kupaka utoto wosalaza. Kulemera kumakhala kolakwika, kuzizira kulibe, ndipo chinthu chofewa chimatuluka chouma gwa. Chikakulitsidwa, payenera kukhala kachizindikiro kogwirika pambali kosonyeza kukula kwake kwenikweni, apo ayi mwana adzapita kwawo akuganiza kuti m'nyanja muli tizigoba tofanana ndi mpira. Ndipo nthawi zonse mlendo auzidwe, m'zilembo zooneka ndi za Braille zomwe, kuti chimene wagwirachi n'chofanizira. Kum'bisira zimenezi ndi kumuchitira chinyengo munthu amene wakukhulupirira.

Chenicheni chokutidwa

Pakati pa chenicheni ndi chofanizira pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukwirira kanyama m'pulasitiki woonekera yemwe amauma ngati njerwa yagalasi. Nkhanu yaing'ono, kansomba kotchedwa seahorse kapena starfish (nyama yooneka ngati nyenyezi) yotere imatha kugwa pansi, kudutsa m'manja mwa ana a kalasi yonse, n'kubwerera m'bokosi ili bwinobwino, ndipo ndi yoyenera mabokosi obwereketsa ku masukulu. Koma ikalowa yalowa, siingatulutsidwenso kukachita kafukufuku, pulasitikiyo amachita chikasu ndi zokanda pakapita zaka, ndipo wosaona amangomva njerwa yosalala.

Yachiwiri ndi plastination, imene Gunther von Hagens anatulukira ku Heidelberg mu 1977. Madzi ndi mafuta a m'thupi amachotsedwa, m'malo mwake mumalowa pulasitiki mpaka m'kati mwa minofu, ndipo chotsatira chake ndi nyama yeniyeni youma, yosanunkha, yogwirika. Ku Paris, Muséum national d'Histoire naturelle inaonetsa mu 2008 squid wamkulu wokonzedwa motere, wotchedwa Wheke. Njirayi imafuna miyezi yambiri, zipangizo zodula ndi akatswiri ochepa, ndipo nthawi zambiri utoto amachita kupakanso. Myuziyamu yaing'ono isataye nayo tulo.

Thanki la zamoyo

Iyi ndi njira imene alendo amaikonda kuposa zonse, ndipo ndi imene ine ndimaikayikira kwambiri. Ku Two Oceans Aquarium ku Cape Town, yomwe inatsegulidwa mu 1995, kapena ku Monterey Bay Aquarium ku California, yotsegulidwa mu 1984, ana amapinda malaya n'kulowetsa dzanja m'dziwe losaya momwe muli ma starfish, ma anemone (nyama zooneka ngati maluwa) ndi ndere za m'nyanja. Chimene chimachitika pamenepo palibe njira ina ingachipereke. Ukakhudza anemone ndi chala, timanja take timamata pang'ono pakhungu kenako timadzipinda kulowa m'kati. Ukasiya dzanja lili phee pafupi ndi nkhono, pakapita kanthawi imatulutsa tinyanga take n'kuyamba kuyenda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo padziwe lotere mwana amakuphunzira kudekhako ndi thupi lake lomwe.

Koma pano chogwiridwacho chili ndi moyo, ndipo sichinasankhe kugwiridwa ndi manja mazanamazana patsiku. Starfish imapuma kudzera pakhungu, moti kuitulutsa m'madzi kuti ijambulidwe kumaivulaza. Sea cucumber, nyama yofewa yooneka ngati nkhaka, ikapanikizika imatha kutulutsa matumbo ake. Mafuta odzola ndi sopo otsalira m'manja amaipitsa madzi. Malo osamala amalamula kuti aliyense atsuke manja ndi madzi okha, agwire ndi zala ziwiri, asanyamule kanthu, ndipo amasinthanitsa nyamazo kuti zina zikapume kuseri. Amasiyanso mbali ya dziwe imene dzanja silingafike, kuti nyama yotopa ithawireko. Zonsezi zimatheka pokhapokha pali munthu woimirira pomwepo nthawi yonse imene chitseko chili chotsegula.

Choopsa china chili m'makina. Moyo wonse wa m'thanki umadalira mapampu, zosefera ndi zoziziritsira madzi. Mu 2008 ku Calgary Zoo ku Canada kunafa nsomba zaphwatalala za mtundu wa ray zokwana 41 m'dziwe logwira, ndipo mu Julayi 2015 ku Brookfield Zoo pafupi ndi Chicago zinafa 54 tsiku limodzi mpweya wa okosijeni utatsika m'madzi. Awa ndi malo a ndalama zambiri ndi akatswiri okwanira. Kumene magetsi amathimathima ndipo madzi amchere ayenera kuchita kusakanizidwa ndi mchere wogula kunja, thanki lotere limangokhala malo ofera nyama. Komanso tizikumbukira kuti dziwe logwira limangoonetsa nyama zopirira. Zosalimba zenizeni, monga jellyfish zopyapyala ndi nyama za pansi penipeni pa nyanja, sizingaikidwemo n'komwe.

Kusankha

Funso loyamba si lakuti njira yamakono ndi iti, koma lakuti mlendo akufunika adziwe chiyani pa chinthuchi. Ngati ndi kukwakwala, kulemera kapena kuzizira, chenicheni cholimba ndicho chiyenera kupita m'dzanja. Ngati ndi kaumbidwe ka chinthu chofewa, chosowa kapena chaching'ono kwambiri, chofanizira chimachita bwino kuposa chenicheni. Ngati ndi utoto ndi kayendedwe, kanema woonetsedwa pambali pa botolo amakwanira. Aliyense amene anaona mbuna za ku Cape Maclear zikung'anima m'miyala, kenako n'kuona nsomba yomweyo itatuwa m'botolo, akudziwa kuchuluka kwa zomwe zimatayika, ndipo za m'nyanja yamchere zimataya koposa pamenepo.

Chimene ndimaona kuti chimagwira ntchito kwambiri ndi kuphatikiza njira ziwiri pamalo amodzi: chenicheni chosalimba chili m'galasi, chofanizira chake chili patsogolo pomwepo pa msinkhu woti mwana ndi munthu wa pa njinga ya olumala afikire. Woona amagwira ichi akuyang'ana icho, ndipo maso ndi zala zimakonzerana zolakwika. Wosaona amapeza kaumbidwe m'chofanizira, ndipo akapatsidwanso kachidutswa ka chenicheni, monga kachikopa ka shaki kapena kabenthu ka korali, amapeza kukhudzika kwake koona. Kuika zogwira zonse m'chipinda cha ana chakutali ndi zenizeni kumaononga mgwirizano umenewu, komanso kumachititsa manyazi wamkulu wosaona amene akutumizidwa kukakhala pakati pa ana.

Myuziyamu ya ndalama zochepa ingayambe ndi tebulo limodzi lotsika lokhala ndi m'mphepete mokwera pang'ono kuti zinthu zisagubuduzike, lokutidwa ndi nsalu yokhuthala. Paikidwe zinthu 8 kapena 10 zokha, chifukwa zikachuluka dzanja limangodumphadumpha osakhazikika. Chilichonse chikhale ndi chinzake chosungidwa m'kabati chodzalowa m'malo chikasweka, ndipo pakhomo pakhale beseni, madzi ndi thaulo. Zofanizira zisanaikidwe, ziyesedwe ndi anthu osaona enieni, monga aphunzitsi ndi ophunzira a m'masukulu awo, chifukwa iwo ndi amene adzanene kuti mzere uwu ukusokoneza, kapena kuti chinthuchi chakula kwambiri moti manja awiri sakuchizungulira. Ndalama zotsala zipite ku malipiro ndi maphunziro a munthu wokhala patebulopo, amene adzaonetsa mwana kagwiridwe ka chigoba ndi manja awiri, n'kumuyankha akafunsa za kabowo kaja, ndiponso kulemba m'kabuku madzulo aliwonse chimene chabenthuka kapena chasowa.